Mipini ya pakhonde la a Filipo

Ndikakumbukira a Filipo, mphuno zanga zimamva sipiliti wotsukira zilonda atasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini zomwe akazi awo ankatola m'munsi mwa Phiri la Dedza. Nyumba yawo inkayang'anizana ndi yathu. M'mawa wa mu Juni, chifunga chitakuta mudzi wonse, tinkawamva tisanawaone, njinga yawo ikulira kwii kwii kulowera ku kachipatala ka mishoni komwe ankamanga mabala, zala zawo zili bii ndi jivi, mankhwala aja opaka pachilonda.

Bambo anga, a Mbewe, anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi bala pamsongolo losapola. Koma bala linali laling'ono. Munthu amene kale akaseka nkhuku zinkabalalika, mawu ndinatengera ine awa, anangokhala duu m'nyumba kuyang'ana khoma, osasamba, chakudya n'kumangochigwiragwira. Amayi mpaka anabisa zingwe zonse za mbuzi.

Tsono paja kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndi mkamwini, ndipo mkamwini amadziwika ndi khasu. Munda wathu wa kachewere unali thengo. A malume anga a Jailosi anabwera n'kuima pabwalo.

"Mlongo, mvula ikagwa munda uli chonchi, alamuwa abwerere kwawo. Ana ndi athu, atsala."

A Filipo anamva ali kwawo, poti a malume sankadziwa kunong'ona. Madzulo ake anabwera, anatsuka bala, kenako anachita zomwe sindinaonepo: anatuluka n'kukasuzumira m'nkhokwe mwathu.

"A Mbewe, mabala muli nawo atatu. La pamwendo, la mumtima, ndi ili la m'nkhokwe. Ndikamanga limodzi, awiriwa azilitsegula. Kuyambira mawa kuno sindibweranso. Muzibwera pakhonde panga."

"Ndiyenda bwanji?" anatero bambo, mawu awo oyamba tsiku limenelo.

"Ku Joni munafika, pakhonde apa pakukanikani? Musandiseketse, achimwene."

Mawa lake bambo anapita, motsimphina, atakwiya. Anapeza pakhondepo pali mitengo yodulidwa kale ndi kasemasema.

"Khasu langa laguluka mpini. Ine manja awa amangodziwa thonje. Tandisemerani pamene ndikuwiritsa madzi."

Madziwo, ndikukuuzani, ankachedwa kuwira kuposa madzi onse a m'dziko muno! A Filipo ankangosonkhezera pang'onopang'ono uku akufunsa za kumgodi. Tsiku lina ndinamva bambo akusimba za mnzawo wa ku Linthipe amene thanthwe linamugwera iwo akuona, lomwelo linawaphwanya mwendo. Analira ngati mwana, kasemasema ali m'manja. A Filipo sanawatonthoze, anangowasiya mpaka anamaliza, kenako n'kumanga bala.

Mpini woyamba unatuluka wosalala, wokhala bwino m'manja. A Filipo anaumangirira panjinga n'kumauonetsa aliyense kuchipatala. Wofuna wake ankamuuza kuti, "A Mbewe sagulitsa. Mpini umodzi, m'mawa umodzi kumunda kwawo." Anthu anabwera, ena mpaka ochokera ku Chimbiya. Mizere inakwera. Palibe anganene kuti bambo anga analimiridwa mwachifundo, ayi! Analima ndi manja awo, ali chikhalire.

Mvula isanagwe a malume anadutsa kumundako, anaima, anayang'ana. Kenako anafika pakhonde paja akukanda m'mutu.

"Alamu, langanso lija mpini wang'aluka."

"M'mawa uwiri," anatero bambo. "Achibale amakwera mtengo."

Kuseka komwe bambo anaseka tsiku limenelo nkhuku za a Filipo zinathawira kudimba. Bambo sanachokenso pamudzi paja. Anafera pomwepo ali ndi imvi, chipsera chili pamwendo.

Chaka chatha, mayi a kunyumba atandisiya, ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Namwino, kamtsikana kofatsa, atamasula chija chomanga pamkono anandifunsa, "Agogo, tulo mukupeza? Nanga akukuphikirani ndani?" Akuti masiku ano amaona zonse pamodzi, ndipo chipinda chinacho muli wina wocheza naye za maganizo, ndi wina woona za pakhomo. Ankalankhula ngati zayamba dzulo. Ndinaseka mpaka a pamzere anasuzumira pakhomo.

"Mwana wanga, izi ine ndinaziona ndili ndi kabudula wong'ambika!"

Koma funso lake ndinaliyankha zoona, kuti tulo kulibe ndipo m'nyumba mwakula. Chipinda chinacho ndinalowa, ine mwana wa a Mbewe, mutu uli m'mwamba. Pano Lachiwiri lililonse timakumana madala anayi amasiye pakhonde panga. Kasemasema wa bambo ndikadali naye, ndipo madzi a tiyi ndimawachedwetsa dala.