Marozi a Mlamu Wanga ku Kabwata

Marozi anga ndinawagula ku nazale ina ku Kabulonga mu Lusaka, chaka chomwe tinasamukira ku Woodlands. Wogulitsayo anandilangiza zonse: dzuwa la tsiku lonse, dothi lakuda, manyowa a nkhuku, kudulira nthawi yachisanu. Ndinatsatira osaphonya.

Tsiku lodulira anabwera mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, yemwe amakhala pa mafulati a ku Kabwata. Anatola timitengo tomwe ndinataya nkutikulunga m'nyuzipepala.

"Muzabyala kuti, ba mulamu?" ndinamufunsa ndikuseka. "Kwanu kulibe na zuba."

"Nizayesa chabe," anatero.

Malo ake ndinkawadziwa: kampata pakati pa khoma ndi mtengo waukulu wa mango, dothi lake zidutswa za njerwa ndi simenti. Dzuwa linkangosuzumirapo m'mawa. Ankathirira ndi madzi otsukira mbale, akakumbukira.

Marozi anga anayamba kudwala dzinja lachiwiri. Masamba anachita madontho akuda nkuyoyoka. Ndinapopera mankhwala, ndinasintha manyowa, mpaka amuna anga anati ndikuwalera kuposa ana. Ake ku Kabwata anatalika kufunafuna kuwala, nkukwera m'nthambi za mango. Nditapita kukamuona, ndinapeza maluwa ofiira akulendewera pamwamba pa chingwe choyanikira zovala, ana a pafulati akumenyerapo mpira. Tiyi amene anandipatsa sanatsike bwino.

"Mumaikako chani?" ndinafunsa, maso ali kwina.

Anaganiza kaye, ndithu kufuna kundithandiza. "Palibe. Kapena masamba ya tiyi."

Bola akanandibisira chinsinsi. Koma panalibe chobisa, ndipo izi ndi zomwe zinandiwawa.

Mwana wanga wamkazi atakonzekera ukwati, anandiuza mosamala kuti maluwa a kuguwa akapempha kwa azakhali ake. Ndinapita ndekha kukawatenga, nkubwerera pa minibasi ndowa ya maluwa ili pamiyendo, madzi akukhavukira pa chitenje changa chatsopano. Kutchalitchi amayi ena anandizungulira.

"Aya ni ya ku Woodlands, ayi? Mwacita bwino!"

Ndinatsegula pakamwa, koma mlamu anayankha msanga ali kumbuyo kwanga: "Ee, mbeu ni yao."

Ananena zoona, ndiponso mokoma mtima. Mapemphero onse ndinakhala ndikuyang'ana maluwawo, kufunafuna ngakhale tsamba limodzi la dontho lakuda. Sindinalipeze.