Utsi wa Mpiripiri pa Mango Anga

Ine ndine munthu woyamba m'mbiri yonse ya Kambombo kulimbana ndi nyengo maso ndi maso, ndipo ndikulemba izi kuti mibadwo idziwe. Nkhondoyo inachitikira pa kangodya ka dimba kosakwana bwalo la netiboli. Ovulala onse anali abale anga.

Ku koleji ya zaulimi sindinamalize. Ine ndi koleji tinagwirizana kusiyana tisanadane. Ndinabwerako ndi luso limodzi lokha, lomezanitsa mango: kudula kanthambi ka mango akuluakulu opanda ulusi n'kukalumikiza pa mbande ya mango akumudzi. Asibweni, mlongo wa amayi, anandibwereka kangodyako, pangano lake losavuta. Mvula yoyamba ikapeza mitengo yanga ili ndi masamba, malowo ndi anga. Ikapeza timitengo touma, azula n'kubzalapo chimanga, wopalira n'kukhala ine.

Chaka chimenecho nyengo inasokonekera. Juni ndi Julayi kunafunda, anthu mabulangete osawatulutsa n'komwe. Mitengo yanga inanamizika, n'kutulutsa mphukira zofiira, zanthete. Mu Ogasiti, pamene kumayenera kuyamba kutentha, kunagwa chisanu chimene kuchigwa kuno sitichidziwa. Mphukira zija zinada kunsonga ngati zawauka.

Sindinakhalenso pansi. Ndinkapita kudimba, kubwerera, ndikafika pakhomo n'kuganiza kuti mwina zasintha, n'kupitanso. Chakudya ndinkadya choimirira. Ndinkakanda khungwa kuti ndione ngati mkati mudakali mobiriwira, mpaka mitengo ina inayamba kudwala chikhadabo changa m'malo mwa chisanu. Asibweni akamadutsa pa njinga ankafunsa mwaulemu ngati a profesa afuna khasu la mpini wautali kapena waufupi.

Kenako ndinakumbukira kuti m'kalasi tinamvapo zoti kumayiko ozizira alimi amafukiza utsi m'minda ya zipatso kukazizira kwambiri. Phunziro lotsatira, lofotokoza utsi wa chiyani, liyenera kuti linandipeza nditachoka. Nkhuni zinali kutali. Koma pansi pa nkhokwe ya asibweni panali mulu wa njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi mpiripiri, zimene timayatsa m'mphepete mwa minda kuti njovu zisalowe. Zimanyeka pang'onopang'ono, moto wochepa, utsi wambiri. Mwa sayansi, zinalibe chilema.

Kukucha ndinaziika kuzungulira mitengo n'kuyatsa. Utsiwo sunakhale pamitengo monga ndinaulamulira. Mphepo inaunyamula wonse kupita kumudzi.

Kwathu fungo limenelo lili ndi tanthauzo limodzi basi: njovu zalowa m'munda. Posakhalitsa ndinamva zitini zikulira, amayi akukuwa, agalu. Mudzi wonse unatsika kudimba ukuthamanga, ukutsokomola, ena ndi mabeseni, ena ndi zivundikiro za mapoto, akazi a asibweni patsogolo, nkhope yawo mu utsi weniweniwo. Anandipeza nditanjuta pakati pa timitengo, misozi ili chuchuchu, ndikukupiza ndi katoni.

"Njovu ili kuti?" anafunsa asibweni.

"Palibe njovu, asibweni. Ndikuwothetsa mitengo."

Anatsokomola nthawi yaitali. "Manje iwe muphwa, mwana wa mlongo wanga, mtengo unakuuza kuti wamva mphepo?"

Anthu anabwerera akupukuta m'maso. Akazi a asibweni, maso osatseguka, anthu anachita kuwagwira dzanja. Kwa masabata angapo ana ankati akandiona amayamba kutsokomola dala, ndipo ine ndinkawayankha ndi ulemu woyenera munthu wophunzira.

Ndinapitiriza ulendo wanga wa kudimba ndi kunyumba, maso tsopano ali kumwamba, kuopa mtambo uliwonse. Kutentha kwa Okutobala kutafika, masamba anatuluka, ambiri ndithu, obiriwira bwino. Koma onse anatulukira pansi pa cholumikiza. Nthambi zanga zapamwamba zija zinali zitafa. Amene anadzuka anali mango akumudzi.

Mvula itagwa ndinapita nawo asibweni kudimba n'kuwafotokozera zonsezi, mawu aku koleji ndikuwaika pamene akukwanira. Iwo anayang'ana masamba, nati pangano linanena masamba, silinatchule a mtundu wanji, komanso mango opanda ulusi amatha msanga m'kamwa. Anandionetsa malire ndi phazi n'kukwera njinga.

Motero ndine mwini munda wa mango omwewo amene amawola okha pansi pa mtengo uliwonse ku Kambombo. Nkhondo yonse inandidya makwacha makumi awiri ndi asanu, a mankhwala a m'maso a akazi a asibweni.