Kansalu Kofiira pa Injini

Kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa zingwe, pali kashedi ka bambo wina amene aliyense amangomutchula kuti Mabokosi. Ntchito yake ndi yokhomera katundu wa anthu m'mabokosi kuti akafike ali bwinobwino. Wapakirapo makina osokera, mafiliji, ngakhale magalasi a mazenera. Ndi munthu wofatsa, koma mukafuna kumuona atapsa mtima, mubweretsereni injini ya njinga yamoto ili m'thumba.

"M'thumba? Mwayesa mbatata?" amatero, hamala ili m'manja.

Iye ali ndi kapakiridwe kake. Amayamba wakhetsa oilo yense mpaka dontho lomaliza, chifukwa oilo akatayikira pa masutikesi a anthu, kondakitala amakutsitsira injiniyo panjira. Mabowo onse amawatseka ndi nsanza kuti fumbi lisalowe. Akatero amaikhazika m'tayala lakutha, n'kuimanga ndi mabawuti pathabwa lapansi, n'kukhoma bokosi ndi matabwa otola kumashopu. N'zotchipa, komatu basi ingadumphe maenje tsiku lonse, injini sisuntha. Pomaliza amamanga kansalu kofiira pachotsekera cha oilo. Amakaniko onse a kuseri kwa depoti amadziwa kuti kansaluko kakutanthauza kuti mulibe oilo, asailize.

Pansi pa benchi yake pankakhala injini imodzi yomwe sinali ya kasitomala. Inali yakeyake. Njinga yake inaphwanyika pangozi imene inamusiyira bondo lolumala, koma injini inapulumuka. Ankaifunditsa bulangete, nthawi ndi nthawi n'kumaipukusa ndi dzanja kuti isachite dzimbiri. Mumtima ankati bondo likadzalola adzagula chifelemu chakale n'kukweranso njinga.

Tsiku lina mlamu wake, mkazi wa mng'ono wake, anaimba foni akulira. Mng'ono wake wa Mabokosi amanyamula anthu panjinga m'tauni ina yakutali, ndipo injini yake inali itafa. Ana anali atayamba kugona ndi njala. Mabokosi anayang'ana pansi pa benchi, mtima ukumuwawa, koma anavundukula bulangete lija.

Palibe katundu amene anamupakira bwino ngati ameneyu. Matabwa anachita kuwapala, tayala anachita kusankha. Kudepoti kondakitala anafuna kuponya bokosilo padenga.

"Padenga ukakwerepo ndiwe! Ili lilowa pansi, chakutsogolo, kumene sikudumpha," anakalipa Mabokosi.

"Madala, n'chitsulotu ichi, si mazira ayi."

"Mazira akasweka umagula ena. Tsegula apa!"

Anaima pomwepo ndi bondo lakelo mpaka chitseko chitatsekedwa. Basi itanyamuka anaimbira mng'ono wake uja.

"Iwe, tamvera. Injiniyo ndakhetsa oilo. Ukaona kansalu kofiira…"

"Eya, eya, achimwene, ndamva. Ndili ndi kasitomala, tilankhulana."

Anamva chiyani? Munthu wobadwa ndi phuma ameneyu, chiyambire ali mwana sanamvetserepo mawu mpaka kumapeto. Bokosi linafika lopanda ndi pokalika pomwe. Kwa makaniko sanapite, ati kumeneko n'kuchedwa. Anamanga yekha injini panjinga yake pakhonde, dzuwa likuswa mtengo. Kansalu kofiira anakamasula n'kupukutira manja, n'kuyamikira mumtima kuti achimwene aganiza bwino kumuikira chopukutira. Anathira petulo, n'kuliza, n'kunyamula kasitomala. Asanafike n'kumsika komwe, injini inayamba kulira ngati chitini cha miyala, inafuka utsi, kenako zii. Pajatu safunsa anadya phula.

Mungaganize kuti anaimba foni kupepesa. Ayi ndithu!

"Achimwene, mwandichita chipongwe. Munthu n'kutumiza injini yopanda oilo? Nanga oiloyo munam'mana ndani?"

"Ndinakuuza! Ndinamanganso kansalu!"

"Kansalu kamalankhula? Mukanandiuza bwinobwino."

Mabokosi anadula foni. Anakhala pabenchi, mapazi ali pamalo pamene pankakhala injini paja. Zaka zonsezi akupulumutsa katundu wa anthu osawadziwa kwa makondakitala, kumvula ndi kumaenje, wake yekha n'kukafera pakhonde la m'bale wake! Chinamupweteka kwambiri n'chakuti ana aja anali adakali ndi njala.

Atapuma anaimbanso, mawu ali m'munsi.

"Itumize kuno. Mwina wowotcherera ndi makaniko wa kuno angaidzutse. Uibwezere m'bokosi lomwelo, umange mabawuti, usathiremo oilo."

"Musadandaule, achimwene, zimenezo n'zazing'ono."

Patapita masiku, kondakitala yemwe uja anatulukira pashedi akukoka chinthu pansi, malaya ali bii. Kumbuyo kwake kunali mayi wina atanyamula sutikesi yodontha zakuda, akutukwana mtundu wonse wa eni katunduyo. Chokokedwacho chinali thumba, injini ija ili m'katimo. Mng'ono uja anali atathiramo oilo wodzaza injini itafa kale, mwina poganiza kuti idzuka, n'kuiponya padenga la basi chomwecho. Panjira inagubuduka, zipsepse zake zoziziritsira zinabenthuka, chivundikiro cha m'mbali chinang'aluka.

"Madala, si inu munkandiphunzitsa kupakira?" anatero kondakitala.

Mabokosi anatulutsa foni. Anaimbira mng'ono wake uja.

"Iwe, bokosi langa lili kuti?"

"Aa, bokosi lija? Alamu anu aikamo nkhuku yoikira. Ndi lolimbatu, achimwene, ndipo m'tayala muja ikufungatira bwino zedi."

Anadula foni. Anagwada movutikira ndi bondo lake lija n'kung'amba thumbalo. Kansalu kofiira kanali momwemo, katada ndi girisi. Anakapukutira injini pang'onopang'ono, anaikankhira pansi pa benchi, n'kuifunditsanso bulangete. Atayesa kuipukusa ndi dzanja monga ankachitira kale, sinasunthe.