Mpira Womaliza wa Mlongo Wanga

Majezi a timu yakwathu ndinkachapa ndine, chifukwa kaputeni anali mlongo wanga wamng'ono. Kuno ku Chiringa majezi sagona paliponse. Amagona kwa munthu wodalirika, kuopa kuti adani angawathire mankhwala.

Tsiku lina anthu awiri a timu yaikulu ya ku Blantyre anamuona mlongo wangayo akusewera ku Boma, namuuza kuti apite Lolemba akamuyese. Nkhani inafika kumudzi ife tisanatsike n'komwe pa kabaza. Mawa lake aphunzitsi a timu anabwera ndi thumba, naanula majezi pachingwe akadali onyowa. Ndinawapatsa mpando, sanakhale.

Loweruka kunali mpira ndi anyamata a kuseri kwa Michesi. Ndinamuchonderera mlongo wanga.

"Iwe, miyendo imeneyi isunge. Ukanene kuti wadwala malungo."

"Achemwali, mukufuna azinena kuti ndawathawa? Mpaka Lolemba ndine wa timu ino."

Makani anabadwa nawo mwana ameneyu. Ndinamukwiyira, komabe ndinatenga chigubu cha madzi n'kumutsatira.

Bwalo lathu linali munda wa chinangwa kale, mizere yake imamvekabe kumapazi. Anthu anadzaza, koma sanamuimbire nyimbo ngati masiku onse. Sindinachedwe kuzindikira zimene anzake ankachita. Mpira sanam'mane ayi. Ankamupatsa, koma wofupika, wothera pakati pa iye ndi wotchinga kumbuyo wa timu inayo, chimunthu chovala nsapato zazitsulo kunsi. Mpira wotero wanzeru amausiya. Iye ankauthamangira uliwonse ngati kulibe Lolemba. Anagwa kawiri, nadzuka akutsimphina.

Pa nthawi yopumira ndinamupititsira madzi.

"Sukuona zimene akukuchita anzakowa?"

Anamwa osandiyang'ana. "Ndikuona," anatero, nabwerera m'bwalo.

Mpira wachitatu wotero anamuponyera ndi mnzake wapamtima, amene anakula akudya naye mbale imodzi pakhomo pathu. Ndinakuwa kuti ausiye. Sanausiye. Kunamveka ngati nkhuni youma ikuthyoka, ndipo mlongo wanga anagwa atagwira mwendo.

Woyamba kufika pomwe anagwera anali mnzake uja. Anawerama, ine n'kumayesa akumudzutsa. Anamuvula lamba wa ukaputeni pamkono, nadziveka yekha, kenaka anakodola anthu kuti adzachotse wovulalayo, mpira upitirire.