Madzi a Mkazi Mnzanga

Malemu amuna anga sankamwa mowa. Amayi a ku Makokoba, komboni ya ku Bulawayo kumene tinkakhala, ankandiuza kuti ndiziyamika Mulungu, poti amuna awo akaweruka ankalunjika ku holo ya mowa pamene anga ankalunjika kunyumba. Ankafikadi kunyumba, koma sankafikira ine.

Ankagwira ntchito yosesa ndi kunyamula katundu pa shopu ya mzungu wokonza zamagetsi m'tauni. Nkhondo ya azungu itangoyamba, anabwera ndi bokosi lamatabwa panjinga. Inali wailesi yakale imene mzunguyo anaitaya kuti yafa. Analimbana nayo mpaka inadzuka. Inalibe pakamwa poyankhulira anthu onse. Mawu ankatulukira m'timbale tiwiri takuda tovala m'makutu, timene iwo ankati mahedifoni, ndipo womva anali mmodzi basi.

Inayamba ndi kundilanda waya. Ine ndinkachapa zovala za azungu, ndipo ndinali ndi waya wanga wautali woyanikira. Tsiku lina pochokera kumpopi ndinaupeza uli m'mwamba, kuchokera padenga kukafika pamtengo wa bulugama. Ankati mawu akutali amatera pamenepo. Zovala ndinayamba kuyanika pampanda wa anzanga.

Kenaka madzi. Waya wina unkatulukira pawindo kukamangidwa ku chitsulo chimene anachikhomera pansi kuseri kwa nyumba. Dothi la ku Bulawayo ndi louma, ndipo ankati likauma wailesi imagontha. Choncho dzuwa likamalowa ankatenga chitini n'kukathirira chitsulocho. Madziwo anali anga, amene ndawaimira pamzere, ndawasenza pamutu. Mayi wina wa Chindebele woyandikana nafe anawaona akuthirira, n'kundifunsa ngati kwathu ku Nyasalandi timadzala zitsulo. Nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pansi. Anati ndiye kuti andibweretsera makoti, mkazi watsopano, m'nyumba, ndipo ine wamkulu ndi amene ndikumutungira madzi osamba. Mzere wonse wa nyumba zathu unayamba kumandifunsa kuti mkazi mnzanga wadzuka bwanji.

Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Akanakhala mkazi weniweni ndikanamupitira, tikanatukwanizana, ankhoswe akanatikhazika pansi. Nanga bokosi ungakalisumire kwa ndani?

Tikangotha kudya ankakokera mpando pakona, n'kundifulatira. Zala zawo zinkapotokola kabatani pang'onopang'ono ngati munthu wozula munga kuphazi kwa mwana. Ine sanandigwirepo mosamala chotero. Mawu a pafupi sankawafuna, ankati amenewo aliyense angawapeze. Ankasaka a ku Joni, a kwa Apwitikizi kunyanja, ena a ku Kongo oyankhula Chifalansa. Nyengo yachisanu ndiyo inali yawo, poti mawu ankabwera oyera. Nyengo yamvula mphezi zinkawasokonezera, ndipo ine ndinkakondwera ndikaona mitambo.

Ndinawafunsapo kuti amamvamo chiyani poti zinenerozo sakuzidziwa. Anati nkhani si zimene munthuyo akunena, koma kuti ali kutali chotero ndipo mawu ake alowa m'chipinda chathu. Ndinati anga amachokera pamphasa pompano koma safika. Anangokweza chala kuti ndikhale chete, poti kunali wina akuyamba kumveka.

Chimene chinandipweteka koposa chinachitika tsiku limene anapeza munthu woyankhula Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Anadumpha pampando, n'kundipitirira pakhomo pamene ndinkasita, kukaitana mnzawo, telala wa Chiyao wa mzere wachiwiri. Telalayo anabwera tepi ili m'khosi, anavula chisoti chake, anavala mahedifoni. Amuna awiri akuluakulu ankalandizana timbaleto, misozi ili m'maso, kumva chinenero cha kwathu chikutuluka m'bokosi. Anandikumbukira telala atapita. Nditavala ndinangomva kuthetheka ngati mafuta pamoto. Anati mawuwo athawa, ndidzamva mawa. Ndinabwerera ku simbi yanga, ndipo mawa lakelo sanandiitane.

Nkhondo itatha anayamba kudwala chifuwa. Ntchito anasiya. Telala uja ndiye ankatipititsira batire la wailesi kugalaja kukalitchaja. Kuseri kwa nyumba sankathanso kufikako, ndiye wothirira ndinakhala ine. Ndinkathira ndikung'ung'udza, koma ndinkathira.

Madzulo ena anati timbaleto tikuwapana mutu, ndipo dzanja silikufika pabokosi.

“Mayi, tavalani inu. Muzindiuza zimene mukumva.”

Ndinakhala pampando wawo uja koyamba. Iwo ali gone pabedi ankandilangiza kuti ndipotokole kumanja, ndibwerere pang'ono, ndisapume mwamphamvu. Ndinawauza kuti ndikumva mluzu. Anati ndipitirire. Ndinati tsopano ndi mzungu woyankhulira m'mphuno. Anati ameneyo ndi wa ku Joni, ndimusiye. Kenaka mkazi woimba, mawu ake akubwera n'kumapita ngati akuimbira kutsidya kwa mtsinje kuli mphepo. Anatsinzina, n'kunena kuti ameneyo ndi wa kwa Apwitikizi, ndiwauze bwinobwino mmene akuimbira.

Nditacheuka ndinaona kuti akundiyang'ana pakamwa. Zaka zonse zija sanandiyang'anepo pakamwa. Ndinadziwa kuti akudikira mawu a mkazi mnzanga, ine ndangokhala pakamwa pake. Mkazi woimbayo atazimirira ndinapitiriza kuyankhula.

“Kwabwera wina wa Chinyanja.”

“Wa ku Lusaka? Nthawi ino?”

“Ayi, uyu akuti ali pafupi. Akuti ku Makokoba kuli nyumba ina denga lake likudontha pamwamba pa mphasa. Akuti mwana wamkazi wa m'nyumbamo wapeza mnyamata wa kunjanji, koma akuopa kuuza bambo ake. Akuti mayi wa m'nyumbamo msana ukumupweteka ndi ndowa.”

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Nditawamwetsa madzi anati, “Siteshoni imeneyo sindinaipezepo. Musapotokole, isiyeni pomwepo. Mnyamatayo kwawo ndi kuti?”

Kuyambira pamenepo madzulo athu ankayenda motero. Ndinkayamba ndi kuwasakira akutali awo, ndipo ndinaphunzira kuwazindikira. Akakhutira ankati ndiwapezere ija ya pafupi. Ndinawauza zambiri zimene zinadikira nthawi yaitali: za mwana wathu woyamba amene tinamuika kuno, za amayi anga amene anamwalira kumudzi ine osapita, za waya wanga. Ankamvetsera, ankafunsa. Koma mahedifoni ankayenera kukhala kumutu kwanga. Ndikawavula, nkhani inkathera pomwepo, iwo n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lomaliza sanayankhule kuyambira m'mawa. Dzuwa likulowa anatsegula maso, anandiyang'ana, milomo ikugwedezeka. Ndinaweramira pafupi, mtima uli m'mwamba kuti ndimve chimene andisiyire.

“Mwathirira?”

Ndinati ndathirira. Sananenenso china.

Maliro atatha, alamu anga amene anabwera pasitima anayamba kuona katundu wa mkulu wawo. Ndinawapatsa njinga, jekete ndi nsapato. Atagwira bokosi ndinati limenelo ayi. Anandimvera chisoni, anauza anthu kuti mlamu wawo akufuna chokumbukira mwamuna wake. Sindinawatsutse. Ine ndinkangokana kuti mkazi mnzangayo akwere sitima, akafike kumudzi, anthu akamuzungulire n'kumamutcha chuma cha malemu, ine nditatsala kuno.

Ali pamwamba pa kabati mpaka lero, ndinamufunditsa nsalu yakale. Waya ndinautsitsa pamtengo paja sabata yomweyo, ndikuyanikaponso zovala. Chitsulo chikadali kuseri kwa nyumba. Ndimachidutsa ndi ndowa pamutu tsiku lililonse, ndipo sindinachithirireponso.