Dzanja Lothira Mchere

Anandilanda giredi 12. Panalibe mpeni, panalibe kalata ya ahedi yondichotsa sukulu. Chida chake chinali mchere, uja wa m'kapaketi wogula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, ndipo ondilandawo anali anthu ondikonda, choncho palibe polisi imene ndingakadandauleko.

Amayi anga amaphika chakudya chogulitsa pamsika wina ku Kanyama, mu Lusaka, kuseri kwa malo oimikira maminibasi. Ali ndi kashedi ka malata, mabenchi awiri ndi mbaula zinayi. Odya pamenepo ndi owotcherera mageti, okankha mawilibala, ndi anyamata oitanira anthu m'mabasi. Atate anamwalira ndili giredi 5, ndiye kuyambira pamenepo nyumba yathu inkadya zochokera m'mapoto amenewo.

Kwathu kuli lamulo limene silinalembedwe paliponse koma limasungidwa kuposa malamulo a pamsewu. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akathira, akuti mwamuna wodya ndiwozo adwala chifuwa, atupa miyendo, aonda mpaka kutha. Ndiye amaitana mwana, kapena wina aliyense amene sanayambe za akuluakulu, kuti ndiye athire. Ndinakula ndikudziwa zimenezi popanda wondiuza. Masiku anayi kapena asanu pamwezi, amayi ankandiitana kunyumba kuti, "Iwe, bwela ufake mchele," ine ndinkathira n'kubwerera kukasewera. Kumsika ankabwereka kamtsikana ka mayi wa shedi yoyandikana nayo. Masiku asanu pamwezi palibe amene amadabwa.

Chaka chimene ndinalowa giredi 12, mwezi wa Febuluwale, masiku asanu aja anakwana khumi. Kenaka anasiya masiku atatu, n'kuyambanso. Amayi anaona kuti akapitiriza kubwereka mwana wa eni tsiku ndi tsiku, msika wonse uyamba kuwawerengera masiku. Anaganiza bwino kwambiri, monga amachitira makolo: mwana ali naye wawo, wamtali, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene atsikana a ku Kanyama anagwirizana kuti asamuyang'ane n'komwe. Kukanidwa kwanga konse kuja kunapeza ntchito. Ndinali woyera mokwanira kuthira mchere.

Vuto linali nthawi. Nyemba sazithira mchere zisanafewe, amayi amati zimauma. Ziboda za ng'ombe nazo zili ndi nthawi yake. Zonse zinkafuna dzanja langa cha m'ma teni koloko, nthawi imene anzanga ankakhala akuphunzira masamu. Poyamba ndinkathawa pa buleki, kuthamanga m'matope a mvula, kudumpha pa miyala imene anthu amaika m'madzi osefukira, kuthira mchere m'mapoto anayi, n'kuthamanganso kubwerera. Ndinkafika phunziro litatha, nsapato zikulira madzi.

Tsiku lina ndinabwera ndi nzeru za kusukulu.

"Ba mami, nanga tikaika chabe mchele pa tebulo? Aliyense azifakila yeka."

Anayesa masiku awiri. Wowotcherera wina analawa nyemba, n'kukankha mbale.

"Ba mayo, mwayamba kutiphikila va ku chipatala?"

Anasamukira kushedi ina ndi anzake atatu. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

"Nanga nikapima mchele kuseni, nikalibe kuyenda ku sukulu, imwe muzangokhutula?" ndinafunsanso.

"Dzanja yokhutula ni ya ndani?" anatero amayi. "Ufuna nipaye bana ba bene?"

Ana a eni akewo anali amuna osuta fodya wopichira m'nyuzipepala, omwa kachasu m'mawa asanasambe kumaso. Zifuwa zawo n'zimene tinkateteza. Ndimanyadira kunena kuti pa ntchito imeneyo sitinalephere, palibe amene anafa ndi nyemba zathu.

Pofika Epulo ndinasiya kubwerera kusukulu ndikathira mchere. Chifukwa chake sichinali ulesi wokha. Ndinkapeza amayi atakhala pa chigubu, atatsamira mtengo wa shedi, akupuma ngati akwera phiri. Poto wa nyemba sankathanso kumutula pamoto. Zikhatho zawo zinayera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Ankavala zitenje ziwiri, chakuda pamwamba, ndipo asanaimirire ankayamba ayang'ana pamene anakhala. Kunyumba, nsalu zimene ankachapa sankaziyanika panja pa chingwe cha anthu onse, ankaziyanika m'chipinda, kuseri kwa chitseko. Anayamba kudya dothi lija amagulitsa azimayi pamsika, lochuluka ngati wapakati. Mimba nayo inayamba kutuluka pang'onopang'ono, yolimba.

Madokotala sanasowe. Ku Kanyama aliyense ndi dokotala, kupatula amene anaphunzira udokotala.

Oyamba anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene amakhala ku Chawama. Iwo anauzidwa chifukwa ndi mkazi. Anabwera Lamlungu, anandithamangitsira panja, koma khoma la nyumba yathu ndi la njerwa imodzi.

"Ni kukula chabe uku," ankatero. "Mwezi ukafuna kusila umayamba wasokoneza. Na ine nenze so. Uzimwa masamba ya kotapela, magazi yazabwelela."

Tinawiritsa masamba a kotapela, amene ena amati mapeyala, mpaka mtengo wa aneba unatsala ngati wagwidwa ndi chilala. Kenaka abusa a kutchalitchi chathu anaona m'masomphenya kuti malemu atate sanavomereze kuti anafa, ndiye akubwerabe kwa mkazi wawo. Atate, munthu amene ali moyo ankalephera kubwera kunyumba pa nthawi yake, akuti tsopano sankaphonya tsiku. Abusawo anapereka madzi a m'botolo ndi masiku atatu osala kudya, kwa munthu amene magazi anali kutha kale. Mnyamata wogulitsa mankhwala pa kona, amene ndinkaphunzira naye giredi 9 iye asanalephere, anapereka mapiritsi ofiira. Anati ofiira ndiwo a magazi.

Kiliniki ili pafupi, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Koma kumeneko kumasesa mayi wina wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mkazi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zinayi, mimba yotupa, akutaya magazi: nkhani yake ikanafika kumsika iye asanatuluke pa geti, ndipo dzina lake likanakhala lakuti wachotsa mimba. Amayi anasankha kufa ndi mbiri yabwino.

Apa ndiyenera kudzinena ndekha, poti ena onse ndawanena. Ine ndinkadziwa. Mu giredi 11 aphunzitsi a bayoloje anajambula chiberekero pa bolodi, chooneka ngati mutu wa ng'ombe ya nyanga zopindika, anyamata tikuseka kumbuyo. Anatiuza masiku amene mkazi amayenera kutaya magazi, ndi kuti akapitirira pamenepo ndi matenda. Pa mayeso amenewo ndinaposa kalasi yonse. Ndipo mu Lusaka monse panalibe munthu wina amene anali ndi chiwerengero cha masiku a amayi anga cholondola kuposa ine, chifukwa tsiku lililonse linkadutsa m'dzanja langa.

Ndinayesa kamodzi kokha. Tinali kutsuka mapoto madzulo.

"Ba mami, tiyeni ku kiliniki."

"Kudwala chani?"

Anandiyang'ana m'maso. Mawu ndinali nawo, achizungu ndi achinyanja omwe. Koma mwana wamwamuna sauza amayi ake mawu amenewo.

"Mutu," ndinatero.

"Mutu wanga uli bwino. Suka poto."

Ndinatsuka poto. Ameneyo ndiye wophunzira amene anaposa kalasi yonse.

Zinatha mu Okutobala, dzuwa lija lotentha malata mpaka kulira. Inali nthawi ya nkhomaliro, mabenchi odzaza. Amayi anawerama kuti atenge mbale, n'kupitirira mpaka pansi, pafupi ndi mbaula. Chitenje chakuda chija chinali chitanyowa, ndipo pa simenti panayamba kuyenda chimene tinabisa miyezi yonse ija. Msika wonse unabwera kudzaona. Wokankha wilibala wina, amene anali pakati pa kudya, anataya matumba a makala amene ananyamula, tinawagoneka amayi m'menemo, miyendo ikulendewera. Tinadutsa nawo pamsika, pa siteshoni, pa tchalitchi. Munthu amene ankaopa diso la wosesa mmodzi anapita ku kiliniki pa wilibala, masana, Kanyama yense akuperekeza.

Nesi amene anatilandira anali mayi wonenepa, wosathamanga. Anakoka chikope cha amayi n'kuyang'ana mkati mwake. Munali moyera ngati pepala. Amayi anali atatsitsimuka pang'ono.

"Vinayamba liti, mami?"

"Ma wiki yabili," anatero amayi.

"Febuluwale," ndinatero ine.

Onse awiri anatembenuka. Amayi anandiyang'ana ngati ndawavula pagulu.

"Iwe uziba bwanji?" anafunsa nesi.

"Ndine nimafaka mchele."

Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena atinyoza kuti ndife otsalira. Sanatero. Anapitiriza kumanga chingwe pa mkono wa amayi kuti alowetse madzi.

"Na ine ku nyumba sinifaka," anatero. "Koma ikapitilila wiki, nimabwela kuno. Mchele siuletsa munthu kubwela ku chipatala."

Tikudikira ambulansi, nesi uja anandipeza pakhonde. Ndinamufunsa ngati ndi khansa, chifukwa ndilo liwu limene linkandisowetsa tulo kuyambira Juni. Anati sangadziwe asanaunike. Anati magazi otere amabwera ndi zinthu zambiri: mimba ikapita padera kapena ikakhala pamalo olakwika, jakisoni wolera kwa ena, matenda opatsirana, kusintha kwa thupi mkazi akamayandikira kusiya kusamba. Khansa ya khomo la chiberekero iliponso, n'chifukwa chake amapempha azimayi kuti azibwera kudzayezetsa asanamve kupweteka. Koma ndi mimba yolimba chonchi, iye ankaganizira zotupa za m'chiberekero. Anandiuza zonsezi mofulumira, ataimirira, m'mphindi zosakwana zisanu. Mphindi zisanu zimenezo zinali pamenepo chaka chonse, zaulere, mtunda wa mphindi makumi awiri kuchokera pa mapoto athu.

Kuchipatala chachikulu cha m'tauni anawaika magazi, n'kuwaunika ndi makina. Nesi uja ananena zoona. Zinali zotupa, zitatu, chachikulu ngati kotapela, ndipo sizinali khansa. Dokotala anati n'zofala kwa azimayi a msinkhu wawo, ambiri amakhala nazo osadziwa, koma zina zimataya magazi chonchi. Anati akanabwera msanga, mwina akanayamba ndi mankhwala, magazi asanathe m'thupi. Koma poti zinali zitafika patali, anachotsa chiberekero chonse. Za malemu atate sanapeze chilichonse pa makinawo.

Mayeso a giredi 12 anayamba amayi ali m'wodi. Amayi aakulu ndiwo ankagona nawo kuchipatala, poti kuwodi ya azimayi mwamuna sadikirira wodwala. Ine ndinatsala ndi shedi, chifukwa mbaula zikazima ndiye kuti nyumba yazima. Dzina langa linali pa mndandanda wa olemba, ndiye ndinapita. Pepala loyamba ndinalemba ndikununkha utsi. Lachiwiri linali masamu. Ndinakhala maola awiri ndikuwerenga mafunso ngati kalata yolembera munthu wina imene yafika kwa ine molakwika. Mnzanga wa pambali, amene kale ankaonera kwa ine, anabisa pepala lake ndi mkono. Lachitatu sindinapite. Ndinakaphika nyemba.

Amayi anachira. Ananenepa, zikhatho zinafiira, amakalipanso ndi mawu awo onse. Sadzapitanso kumwezi mpaka kalekale, ndiye mchere amathira okha, ndi dzanja lawo, tsiku lililonse, ndipo lamulo lija lakhutira. Amayi aakulu amauza anthu ku Chawama kuti iwo ankanena kuyambira pachiyambi kuti munthuyu apite kuchipatala. Abusa anapereka umboni pa guwa kuti mapemphero anatsogolera mpeni wa dokotala. Wowotcherera uja anabwerera pa benchi yathu. Amatsokomolabe ngati injini yakale, koma poti tsopano palibe mkazi womunamizira, akuti ndi fumbi.

Ine ndili pa shedi. Ndimagula makala, ndimatsuka mapoto, ndimadziwa nthawi imene ziboda zafewa osatsegula chivundikiro. Anzanga ena amadutsa pa minibasi ndi zikwama za kukoleji, ena amatsika kudzadya, n'kunditcha ba shefu. Amayi akandiona ndakhala chete amati, "Uzalemba chaka chamaba, sukulu siithaba." Anena zimenezi zaka ziwiri tsopano. Za mchere sitinakambiranepo, ngakhale kamodzi. Mwana wamwamuna sauza amayi ake mawu amenewo.

Sindikufuna kuti wina andipepese, chifukwa sindikudziwa amene angayambe, ndipo pa mzere umenewo inenso ndiyenera kuimapo. Ndimangowerenga, poti kuwerenga masiku ndiyo ntchito imene ndinaidziwa bwino. Febuluwale mpaka Okutobala. Ena pa nthawi yotalika chonchi amatulukapo ndi mwana m'manja. Ine ndikudikirabe kuti wina andibwezere miyezi yanga isanu ndi inayi.