Chikwama chimene munabwera nacho ku Nsefu

Achimwene, lero ndinaperekeza Mabvuto, mwana wa malemu mchemwali wathu Esnart, kukatenga ma ARV kuchipatala, ndipo tsiku lonse ndakhala ndikukuganizani. Ndakumbuka 1996, mutabwera ku Nsefu kuchokera kunja kumene munkafufuza za kachirombo ka HIV. Mudzi wonse unamva kuti kwathu kwafika dokotala. Anthu anadzaza pakhomo, ena atakweza odwala awo panjinga, maso onse ali pachikwama chanu chakuda. Amama anakugwirani dzanja n'kukulowetsani m'nyumba mmene Esnart anagona. "Mubayeni jekeseni mlongo wanu," anatero. Koma m'chikwamamo munali zovala ndi mabuku basi. Munagwada n'kunena chapansipansi kuti, "Amama, udokotala wanga ndi wofufuza, si wochiza. Mankhwala tikuwayesabe, kuno sanafike." Amama anangoti, "Ndiye zaka zonsezi kusukulu munapitiranji?" Munatenga sipuni n'kuyamba kumumwetsa phala Esnart.

Esnart tinamuika m'manda thonje lisanakololedwe. Patapita zaka, pamaliro anu, anzanu a ku yunivesite ananena kuti zimene munapeza zinathandiza opanga mankhwala, ndipo ophunzira akuwerengabe zolemba zanu. Amama sanawamve mawu amenewo, anali atatsogola kale. Mabvuto, amene anabadwa nako kachiromboko, lero ndi bambo wa ana akeake, amalima thonje ngati wina aliyense. Funso la amama lija amaliyankha ndi iye m'mawa uliwonse akamameza piritsi lake, koma mwa atatu nonsenu palibe amene alipo kuti aone.